Thobwa Logona Limene Ndinkapatsa Bambo Ako

Mwana wanga Asiyatu,

Undikhululukire kalembedwe kangaka. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, ndipo cholembera ndinachigwira komaliza kalekale, malume ako a Twaibu ali ku Joni. Mawu ena ndalemba mmene amamvekera m'khutu, ena ndafufuta n'kulembanso pamwamba pake. Pamene pakuvuta kuwerenga usapite nayo kalatayi kwa munthu wina. Ubwere udzandifunse ineyo, chifukwa zili munomu si zoti zimveke pabwalo.

Ndikulemba masana ano ndili kuseri kwa nyumba, pamene azakhali ako akukuluka tsitsi pakhonde. Ndikukumvani mukuseka. Mawa shehe amanga ukwati wako, mkuja ukwera galimoto ndi a Jafali kupita ku Chembe. Anamkungwi akulangiza kale za m'nyumba, ine sindibwerezanso. Changa ndi chimodzi chokha ndipo iwo sakuchidziwa. Ndayesa kangapo kukuuza pamaso, koma ndikangotsegula pakamwa ndimapezeka ndikukufunsa ngati watunga madzi.

Sabata yatha a Jafali atabwera kudzaonana ndi ankhoswe, m'mawa mwake anatsikira kunyanja kukathandiza malume ako kukoka bwato. Ine ndinali pathandala ndikutembenuza usipa. Nditaona kuti akubwera ndinabisala kuseri kwa thandalalo monga amachitira mpongozi. Anavula malaya kuti asanyowe. Asiyatu, pamimba pawo pali chipsera. Chayambira pansi pa chifuwa n'kutsika mowongoka mpaka pamchombo, ndipo m'mbali mwake muli timadontho mmene munadutsa ulusi. Chipsera chotero ndinachisambitsa zaka zinayi pathupi la bambo ako. Ndinangokhala pansi pamchenga. Masana ake ndinaona mbale yawo ikubwerera kuchokera kumene amadyera amuna. Mpunga anangodyako m'mbali, tiyi wa shuga anamusiya osamukhudza. Azakhali ako anaseka kuti tapeza mkamwini wamanyazi. Ine sindinaseke. Kuwafunsa sindingathe, ukudziwa kuti ine ndi iwo sitiyang'anana kumaso. Pamwambo wathu akanabwera iwo kudzakhala kuno, ndikanamaona ndekha chimene chikulowa m'kamwa mwawo. Koma ntchito yawo ili ku Chembe, ndiye maso adzakhala ako okha.

Iwe umadziwa kuti bambo ako anamwalira ndi zilonda za m'mimba. Anakuuza zimenezo ndine. Si bodza lonse, koma si zonse. Nthawi imeneyo unkakhala ku boma kwa azakhali ako chifukwa cha sukulu, unkangobwera patchuthi, ndipo ndikamva kuti ukubwera ndinkakonza nyumba pamodzi ndi bambo ako omwe kuti usaone kanthu.

Mwina ukuwakumbukira asanadwale. Anali munthu wa thupi lalikulu. Asodzi ankawaseka kuti a Amidu akakwera bwato, nsomba zizibwera zokha pambuyo chifukwa malo atha. Ankagula usipa wouma kuno, n'kukwera nawo mapiri panjinga mpaka ku Chiponde. Mowa anali asanaulawepo chibadwire. Swala sankaphonya ngakhale ali panjira, ankatsamiritsa njinga pamtengo n'kuyala thumba pansi. Chaka chimene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anayamba kudzaza kumalire, mimba inayamba kuwaotcha. Ankamwa soda, osasintha. Kenako anayamba kusanza zakuda ngati makala. Tsiku lina anagwa pakhomo. Kuchipatala cha kuno anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, ndipo kumeneko anawachita opareshoni, n'kudula mbali yaikulu ya chifu.

Ndinayamba kulakwa tisanatuluke n'komwe m'chipatalamo. Tsiku lotuluka dokotala anabwera ndi namwino womasulira. Anandionetsa nkhonya yake, nati chifu cha amuna anu chatsala chonchi. Anati azidya pang'onopang'ono koma kambirimbiri, ndipo asamamwe zotsekemera kwambiri. Kenako anati mowa asadzauyandikire. Pamenepo ine ndinapsa mtima. Ndinauza namwinoyo kuti awauze dokotala kuti ife ndife Asilamu, nkhani ya mowa akauze ena. Namwino anati dikirani amalize mayi, akufuna afotokoze chifukwa chake. Ine ndinali nditayamba kale kupinda zitenje. Dokotala analankhulabe ndithu, namwino n'kumamasulira, ine ndili kalikiliki kufunafuna chivindikiro cha poto pansi pa bedi. Mpaka lero sindidziwa zonse zimene ananena. Ndinangotolapo mawu akuti ngakhale pang'ono.

Iwe usadzachite zimenezo. Wachipatala akamalankhula za amuna ako, ika katundu pansi, umve mpaka amalize, ndipo ufunse ngakhale akuone ngati mbuli. Usadzanene kuti zimenezo sizitikhudza ife. Chifu chodulidwa sichidziwa kuti mwini wake amaswali.

Titabwerera kuno bambo ako anayamba kuonda. Pa miyezi itatu thalauza ankalimanga ndi chingwe cha ukonde. Nsima akadya mbamu ziwiri ankakhuta mpaka kubuula. Poyamba anzawo ankangowaseka, ankati a Amidu mimba ija mwaisiya kuti. Iwo ankayankha kuti anaiiwala pabenchi ku Blantyre, akapitanso akaitenga. Koma kuseka kuja kunatha. Inali nthawi imene anthu anayamba kunong'onezana za kaliwondewonde, ndipo munthu woyenda maulendo a kumalire akaonda, anthu sankafunsanso kawiri. Kunyanja amayi ena ankasuntha ndowa zawo ine ndikafika. Wina anandifunsa pamaso ngati ine ndikumva bwino m'thupi. Ndinkalephera kugona. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndiwanenepetsa zivute zitani, anthu atseke pakamwa.

Ndiye ndinayamba kuwaphikira thobwa. Ndinati poti cholimba sichikulowa, chamadzi chilowa. Thobwa la tsiku lomwelo, lotsekemera lija, linkawazunza. Akamwa kapu imodzi thukuta linkatuluka thupi lonse, mtima n'kumagunda, chizungulire, mpaka agone pamphasa. Tsiku lina ndinatanganidwa ndi usipa, sindinaphike latsopano. Mumtsuko munatsala la masiku atatu, litasasa, likutuluka thovu. Ndinkafuna kukataya, koma iwo anati tapatseniko, kukhosi kwauma. Anamwa theka la kapu. Thukuta silinabwere. Chizungulire choipa chija sichinabwere. Anakhala tsonga n'kuyamba kucheza nane monga kale, anapempha nsomba, anadya, kenako anagona tulo tabwino. Asiyatu, tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu. Ndinkaona ngati ndapeza mankhwala amene dokotala sanawadziwe.

Kuyambira pamenepo ndinali ndi mitsuko itatu. Ndinkaphika motsatizana kuti logona lisamasowe: lalero, ladzulo ndi ladzana. Lalero tinkamwa ife, ladzana linali lawo. Mumtima mwanga munalibe chikayiko chilichonse. Thobwa timamwa pasadaka, amamwa ana, amamwa mashehe, ndani angalitchule mowa? Ine ndemwe ndinkalawako, sindinkamva kanthu kupatula kuwawasa m'masaya. Sindinkadziwa kuti chimene chikungondiwawasa ine, iwo chikuwafika kumutu.

Zimenezi anadzandifotokozera bwino mkulu wina wa pachipatala chaching'ono, bambo ako atamwalira kale, pamene ndinalimba mtima kufunsa. Anati mwa munthu wa chifu chonse, chakumwa chimayamba chakhala m'chifumo n'kusakanikira ndi chakudya, ndiye chimalowa m'magazi pang'onopang'ono. Mwa munthu wodulidwa chilibe pokhala. Chimangodutsa kupita m'matumbo, n'kukwera kumutu nthawi yomweyo, champhamvu kuposa mmene chikanakhalira mwa mnzake. Ndipo kukoma kwake sikuchedwa kutha, ndiye munthu amafunanso. Anati anthu oterewa amakodwa msanga, ngakhale amene sankamwa kale. Ananenanso kuti thobwa likamagona, kutsekemera kuja kumasanduka mowa, n'chifukwa chake logona silinkawatulutsa thukuta. Ndinamvetsera mpaka anamaliza. Ndinachedwa nako kumvetserako.

Ndikuuze mmene zimaonekera kuti udzazizindikire. Ndisanamalize kutsuka kapu, maso awo ankakhala atawala kale. Ankalankhula kwambiri, kuseka zosaseketsa, nthawi zina kuyamba nyimbo za sikiri dzuwa lili pamutu. Pakapita kanthawi kochepa nkhope inkagwa, n'kukhala duu kuyang'ana pansi. Kenako funso: mumtsuko muja mwatsala? Poyamba inali kapu imodzi masana. Kenako ina m'mawa. Kenako anayamba kunena kuti ladzana silikuwagwira, ndizisunga masiku anayi, asanu. Nsomba ija anasiya kupempha. Thupi limene ndinkafuna libwerere silinabwerere.

Usaganize kuti ndinakhala wosadziwa mpaka kalekale. Ndinadziwa. Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinawapeza kuseri kuno, pamene ndakhala panopa, atathira shuga mumtsuko wa masiku asanu, ataukulunga ndi chiguduli n'kuuika padzuwa. Fungo lake linali lija timalidutsa titatseka mphuno kumsika. Ndinawafunsa kuti mukutani. Sanachite manyazi. Anandiyang'ana nati, “Mankhwala anga awa, amake Asiyatu. Munandiyambitsa ndinu.”

Mawu amenewo ananditseka pakamwa zaka ziwiri. Ndinapitiriza kuphika. Ndinkadziuza kuti bola azimwera m'nyumba kusiyana n'kuti anthu awaone kwa otcheza kachasu. Lachisanu ndinkawapatsa kalafuu, zonunkhira zija, kuti atafune asanapite kumzikiti, fungo lisamveke. Iwe ukabwera patchuthi mitsuko ndinkaibisa m'nkhokwe, ndipo ndinkakutuma kutali nthawi imene amamwa. Ukukumbukira ndinkakutumiza kukatola nkhuni nkhuni zili mbwee pakhomo? Malume ako anandifunsapo kuti mlamu wanga bwanji akuyenda ngati ali m'bwato. Ndinati ndi kufooka kwa opareshoni. Ndinkaopa manyazi kuposa imfa, ndipo pomaliza ndinalandira zonse ziwiri.

Mwana wanga, ukadzaona kanthu usadzabise. Manyazi a tsiku limodzi pamaso pa malume ako ndi ochepa. Ukabisa kamodzi, mawa umayenera kubisanso, ndipo posakhalitsa umapezeka ukugwirira ntchito mowawo. Usaiwale zimenezi.

Chimene ndinachita pambuyo pake ndinkachiyesa kulimba mtima. Mwezi wa Ramazani utayandikira ndinati basi, nyumba iyere. Iwo ali kunyanja ndinataya thobwa lonse kudzala, n'kuswa mitsuko itatu yonse. Atabwera ndinawauza kuti zatha. Tsiku loyamba anangonditukwana, munthu amene anali asananditukwanepo. Tsiku lachiwiri manja anayamba kunjenjemera moti kapu ya madzi ndinkawagwirira ndine. Tsiku lachitatu anayamba kuona zinthu. Ankati nyerere zikutsika pakhoma kubwera pa iwo, ankadzikanda mpaka magazi, ankati padenga pali asilikali. Kenako anagwa n'kuuma thupi lonse, thovu kukamwa. Ndinathamangira kwa malume ako ndikulira kuti majini awagwira. Anaitana shehe. Shehe anandifunsa ngati pali chimene chachitika m'nyumba masiku amenewa. Ndinati palibe. Iye anachita zimene akanatha pa zimene ndinamuuza, anawerenga dua, analemba mawu opatulika m'mbale n'kusukuluza ndi madzi kuti amwe. Bambo ako anapulumuka, koma osati chifukwa cha nzeru zanga. Mkulu wa kuchipatala uja anadzandiuza kuti munthu amene thupi lazolowera mowa ukamudula kamodzin'kamodzi angathe kufa, amayenera kusiyira m'manja mwa achipatala. Ine ndinawasunga m'chipinda masiku asanu chitseko chili chotseka, kuopa kuti namwino angandifunse mafunso.

Ndiye umve bwino apa, chifukwa ndikudziwa mtima wako, unatengera ine kupsa mtima. Ukadzapeza kuti zayamba kale ndipo zazika mizu, usadzataye chilichonse mwaukali. Upite nawo kuchipatala ku Monkey Bay, ukanene zoona zonse, za chipsera ndi za mowa. Akayamba kunjenjemera kapena kuona zinthu zimene iwe sukuziona, usadikire kuche, usayambe ndi kufuna wochotsa majini. Dua iwerengedwe ali pabedi la chipatala.

Atadzuka pamenepo anakhala milungu ingapo osamwa. Ankaswali, ankadya pang'ono, ankandipempha kuti ndiwakhululukire za kutukwana kuja. Ananena okha kuti sakufuna kuyambanso maulendo, akufuna azingosoka maukonde pakhomo. Ine ndi amene ndinawakakamiza. Ndinkafuna anthu awaone ali panjinga ndi dengu la usipa, adziwe kuti mwamuna wanga ali bwino. Ndinapukuta njinga ndekha, ndinapopa matayala. Sindinaganize za kumene ndikuwatumiza. Nthawi imeneyo ku Chiponde kunali kutadzaza misasa ya othawa nkhondo. Anthuwo analibe minda, ndiye amayi ena ankatenga gaga ndi shuga n'kutcheza kachasu kuti apeze ndiwo ndi sopo. Munthu amene thobwa la masiku atatu linkamugwira, ndinamutumiza kumene kuli kachasu pakhomo lililonse lachitatu.

Ulendo wa masiku awiri unasanduka wa masiku asanu. Ankabwera maondo atasupuka, akuti msewu wa m'mapiri waipa. Ine ndinkavomera kuti inde waipa.

Tsiku lina masana anatsika pa lole ali ndi mayi wina wamtali, wovala chitenje chong'ambika m'mphepete. Anali atawagwira mkono, njinga akuikankha ndi dzanja linalo. Dzina lake Luwiza, wothawa nkhondo, mwamuna wake anaphedwa kwawo. Anawagoneka pakhonde, n'kugwada patsogolo panga mwaulemu wonse. Anati, “Amake Asiyatu, ine ndimatcheza kachasu, sindikubisirani, ana anga amadyera pomwepo. Koma amuna anuwa musawatumizenso kumtunda. Anzawo amamaliza botolo n'kukwera njinga kumapita. Awa kakapu kamodzi agwa ine ndisanatseke botolo, ndipo akadzuka akufunanso. Ine ndawakaniza, koma otcheza tilipo ambiri.”

Anthu oyandikana nafe anali atayamba kusuzumira. Ndinaona maso awo. Ndinakweza mawu kuti onse amve. Ndinati mwathawa nkhondo kwanu kuti mudzatiphere amuna kuno? Ndinamunena mawu ena amene sindingalembe. Iye anaimirira, nati chapansipansi, “Chipsera chija ndachiona. Pitani nawo kuchipatala, mayi.” Anachoka osamwa ngakhale madzi, mtunda wonsewo. M'mudzi wonse, munthu mmodzi yekha amene anandiuza zoona anali mlendoyo, ndipo ndinamuthamangitsa ngati galu.

Asiyatu, wina akadzabwera kudzakuuza za amuna ako, usayang'ane kuti ndi ndani, kapena kuti akumva ndani. Umulowetse m'nyumba, umupatse madzi, umve. Wokuuza zoona nthawi zambiri sakhala munthu amene ungamusankhe.

Sindinapite nawo kuchipatala. Ndinabisa njinga kwa malume ako masabata awiri, kenako anakaitenga okha, ine sindinawaletse. Patapita miyezi iwiri kunabwera uthenga ndi munthu wa panjinga. Bambo ako anasanza magazi kuseri kwa msika ku Chiponde. Anthu ankangowazungulira, akuti woledzera adzuka yekha. Amene anawanyamula ndi Luwiza yemweyo ndi mchimwene wake. Anamanga machira n'kuyamba ulendo wa kuchipatala. Bambo ako anathera panjira. Mtembo unafika kuno utafundidwa chitenje cha mayiyo.

Pamaliro malume ako ndi anzawo anagwirizana kuti othawa nkhondo anawathirira mankhwala mlamu wawo, poti munthu woswali sangayambe mowa yekha. Oyandikana nafe anachitira umboni kuti anandimva ndikumukalipira mayi uja. Pambuyo pa maliro anyamata anakwera ku Chiponde, anakaswa miphika ya Luwiza, kupinda mapaipi ake, n'kugwetsa msasa wake ana ali pomwepo. Ine ndinali m'nyumba ya masiye, nditafunda nsalu kumutu. Ndinamva akupangana. Mawu atatu okha akanawaletsa: ndinawayambitsa mowa ndine. Ndinakhala chete, ndipo iwe unali utatsamira pamwendo panga ukulira.

Tsopano za a Jafali. Sindikunena kuti ndi munthu woipa. Ndawaona mmene amapatsira moni akuluakulu, ndaona mmene amakuyang'anira, ndipo malume ako akuti kumzikiti saphonya. Bambo akonso anali otero, n'chifukwa chake zimenezo sizikunditonthoza. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ntchito yawo. Akuti amayendetsa boti kutengera alendo achizungu kuzilumba. Ndinafunsafunsa kwa amayi amene ana awo amagwira ntchito kumahotela a ku Makokola. Akuti alendo amanyamula mabotolo m'bokosi la madzi oundana, ndipo pobwerera amapatsa woyendetsa boti otsalawo ngati kuthokoza. Akuti ena amakakamiza, amati imwa limodzi lokha, kwatentha. Mnyamata wa chifu chonse angamwe limodzi n'kuiwala. Wa chipsera chija, limodzi limenelo limugwira ali pakati pa nyanja, chiwongolero chili m'manja.

Choyamba uwafunse chimene anadula. Iwe ungathe, mawa ukhala mkazi wawo. Usafunse mozungulira, ufunse kuti kodi anakhudza chifu, ndipo dokotala anati chiyani tsiku lotuluka. Ngati ali ndi kapepala ka kuchipatala ukaone ndi maso ako, iwe sukulu unapita. Mwina ndi matumbo, mwina ndi ngozi ya kale, mwina ine ndikungodzivutitsa monga mumanenera nonse kuti mayi amaopa ndi mthunzi womwe. Ngati ndi choncho udzandiseke, ndidzakondwa. Koma ngati ndi chifu, uwauze nkhani ya bambo ako yonse, ndi dzina langa lomwe, usandibise. Mwina nawonso tsiku lotuluka ankafunafuna nsapato pansi pa bedi dokotala akulankhula.

Thobwa m'nyumba mwako lisagone. Lalero likatsala, gawira anzako kapena taya lisanafike mawa. Likamawatulutsa thukuta, usafune njira ina yowamwetsera, ungolisiya. Uziwapatsa tinthu pang'onopang'ono kambiri patsiku, nsomba, dzira, mtedza, kachinangwa, ndipo pokwera boti uziwamangira kaphukusi kuti asakhale ndi m'mimba mopanda kanthu. Mankhwala a chifuwa a m'botolo aja, uyambe wafunsa wogulitsa ngati mulibe mowa, ndinamva kuti ena amakhala nawo. Mukapita kuukwati kapena kusadaka, ulawe ndiwe poyamba, ndipo likakhala lowawasa uwaletse ngakhale eni ake akhumudwe. Usadalire kuti iwe sukumva kanthu. Ine sindinkamva kanthu.

Ndipo akakhala woonda, asiye akhale woonda. Amayi a ku Chembe adzalankhula, adzati mkazi wa ku Mangochi sadziwa kuphika, ena adzanong'ona za matenda aja. Uwasiye alankhule. Ine ndinkafuna kutseka pakamwa pa anthu a pachitsime, ndipo lero anthu omwewo sakumbukira n'komwe kuti ananenapo kanthu. Mwamuna woonda amene akubwera kunyumba ndi miyendo yake ndi wokwanira. Ndabwereza zimenezi kawiri chifukwa ndikudziwa mmene mawu a anthu amapwetekera ukakhala mlendo pamudzi.

Uzindilembera. Usamalembe zoti tonse tili bwino basi. Undiuze chimene adya, nthawi imene abwera, ndi mmene maso awo akuonekera. Ukalemba kuti zonse zili bwino katatu motsatizana ndidzakwera galimoto kubwera, chifukwa mawu amenewo ndinawalankhula ine zaka zinayi.

Ndinaganiza zoika kalatayi pansi pa zitenje m'sutikesi mwako kuti ukaipeze uli kale ku Chembe. Ndaona kuti kumeneko kukhalanso kubisa. Ndikupatsa lero azakhali ako akangomaliza tsitsilo, ukwati usanamangidwe, kuti ngati uli ndi chowafunsa a Jafali ufunse nthawi ikadalipo. Sindikukuuza kuti uwakane. Sindikukuuzanso kuti uwalole. Ndilibe nkhope yokusankhira.

Zatsala ndi izi. Sindikudziwa chimene anawadula a Jafali, ndipo sindikudziwa ngati analawapo kale mabotolo a alendowo. Malume ako mpaka lero amakhulupirira kuti bambo ako anaphedwa ndi othawa nkhondo, ndipo sindinawauze. Ndamva kuti Luwiza ali m'gulu la amene akubwerera kwawo mwezi uno poti nkhondo yatha. Sindinapite kukamupepesa, ndipo sindikudziwa ngati miyendo yanga indifikitsa kumeneko asanawoloke. Sindikudziwanso ngati ukamaliza kuwerenga udzafunabe kuti ndikhale pambali pako mawa.

Ndine mayi ako,
Patuma